Sanali Mano

Thokozile anatsuka manowo katatu, ngakhale kamodzi kanali kokwanira. Anali mano anayi okha, akutsogolo, omatidwa pa kapulasitiki kofiira ngati usinini, ndipo ankagona m'kapu ya malata pa shelefu, kuseri kwa botolo la mafuta odzola. Anawavuula m'madzi, napaka sopo pang'ono pa mswachi wakale, nayamba kukwecha dzino limodzilimodzi, kenako mipata yake, kenako timawaya tiwiri ta m'mbali. Atamaliza anatsukuluza, nawayang'ana padzuwa la pawindo, nayambiranso.

Ntchito imeneyi sinali yake. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri azakhali ake, a Jessie NyaMhone, ankatsuka okha chitseko chili chotseka. Mano awo enieni anathera pa msewu wa ku Mzuzu, tsiku limene lole imene anakwera inagwera m'ngalande. Atabwerako kuchipatala ndi atsopanowa, anauza anthu kuti adokotala anangolimbitsa akale aja. Ku Chikale konse amene ankadziwa zoona anali Thokozile yekha, chifukwa ankagona nawo chipinda chimodzi kuyambira pamene bambo ake anamwalira iye ali Sitandade 6. Koma masabata awiri apitawa azakhali anamupatsa kapuyo m'manja, osamuyang'ana, nati maso awo anatha, mwina pali kachitsotso kamene kakuchititsa kuti manowo azilira, iye wa maso abwino awone.

Panja tsache linkamveka likukanda bwalo. Tsache lokha. Kale azakhali sankasesa osaimba.

Nkhaniyi inayamba pamene kwaya ya kutchalitchi kwawo inagwirizana zojambula nyimbo khumi. A Macpherson Longwe, mphunzitsi wopuma amene ankatsogolera kwayayo, anakabwereka mikisa kwa Gresham, bambo wa ku Mzuzu amene ali ndi shopu ya mawailesi pafupi ndi depoti ndipo amayimbitsa pa maukwati. Mikisa ndi bokosi lalikulu lokhala ndi mabowo makumi awiri olowetsamo maiki, ndi chingwe chimodzi cha USB chopititsa mawu onsewo ku laputopu. Gresham anadzipereka kuti adzajambula yekha, koma a Longwe anakana, nati mpingo uli naye wake. Wakeyo anali Thokozile. Anakhoza Folomu 4 bwino ndithu, koma dzina lake silinatuluke pa mndandanda wa ku koleji, ndipo kwa zaka zitatu ankagwira ntchito m'kashopu kotaipa makalata, kuchita fotokope ndi kuika nyimbo m'mafulashi. Lamulungu lina a Longwe anaimirira pa zolengeza namutchula kuti injiniya wathu. Thokozile anayang'ana pansi mpaka khosi kuwawa. Koma pobwerera kunyumba ankalibwereza liwulo mumtima, ngati switi yobisa m'tsaya.

Tsiku lokatenga mikisa, Gresham anamulangiza pamaso pa makasitomala, ndi mawu ngati ouza mwana kuti asakhudze nsimbi. Anati akalumikiza aona manambala pa laputopu, ndipo pamene palembedwa 48 apasiye pomwepo, asayerekeze ukatswiri. Thokozile anayankha kuti yewu, nanyamula bokosilo. Atafika kushopu imene ankagwirako ntchito anawaona manambalawo: 44, 48, 96. Ankadziwa tanthauzo lake, kuti ndi kuchuluka kwa zikwi za maulendo amene makina amalawa mawu pa sekondi imodzi. Anaganiza kuti kulawa kambiri ndiko kumva bwino. Anasankha 96. Akadzifunsa moona mtima, theka la chifukwa chake linali lakuti Gresham anamuletsa.

Anajambula Loweruka m'mawa mu holo ya tchalitchi. Maiki zisanu ndi imodzi za magulu a mawu anazilowetsa m'mabowo oyamba. Yachisanu ndi chiwiri inali ya azakhali, chifukwa nyimbo yaikulu, ya m'Chitonga, yonena za asodzi okonza ukonde, anaipeka ndi iwo ndipo anali ataitsogolera kwa zaka makumi awiri. Bondo lawo silinkalola kuima nthawi yaitali, choncho anawaikira mpando pafupi ndi windo. Chingwe cha maiki yawo chinali chachifupi. Chinangofika pa bowo la kumapeto, la 20.

Anaimba bwino. Ngakhale a Longwe, amene sayamikira msanga, anapukuta magalasi awo kawiri. Kenako onse anakhala pa mabenchi kuti amve, ndipo Thokozile anatsegula masipika.

Mawu a azakhali anatuluka okoma, aakulu, odzaza holo. Ndiye pakati pa mzere woyamba panamveka kaphokoso. Tche. Patapita kamphindi, tche. Kanali kakang'ono ngati munthu akuthyola kamtengo ka machesi, koma ukakamva kamodzi sukanamvanso china chilichonse.

Anthu anayamba kufufuzana. Wina anati ndi zibangili za amayi a alito, ndipo zibangili zinavulidwa. Wina anati ndi malata akulira ndi dzuwa. Marvellous, mtsikana wa sopulano amene pakamwa pake sipakhala chete, anauzidwa kuti alavule chingamu. Thokozile anatseka maiki imodziimodzi pa laputopu, ndipo kaphokosoko kanatsala pa mzere umodzi wokha, wa azakhali.

A Longwe anawerama pafupi naye, fungo la sopo wometera likumveka. Anamufunsa ngati anali makina kapena munthu. Thokozile anayamba kugwiragwira zingwe. Anafunsanso, nawonjezera kuti ngati zavuta palibe manyazi, atuma munthu akaitane Gresham. M'maganizo Thokozile anamuona kale Gresham akulowa, akuyang'ana pa laputopu, akuwerenga nambala ija mokweza. Ndipo pakamwa pake panatseguka pokha.

"Mwina ndi mano awo," ananong'ona. "Ndi oyikirira."

A Longwe khutu lawo limodzi linafa kalekale, ndipo munthu wotere sadziwa kunong'ona.

"Oyikirira?" anatero, akuwongoka. "Mano a NyaMhone ngoyikirira?"

Holo inati zii. Kenako Marvellous, amene amaopa chete kuposa njoka, anati ndiye kwaya isavutikenso kugula visekese, ilipo kale ng'oma ya m'kamwa. Anthu anaseka, ena mobisa, ena mosabisa. Sanaseke mwankhanza. Anaseka monga amasekera anthu akapeza chinthu choti akafotokoze kunyumba. Azakhali anakweza nsonga ya chitenje natseka pakamwa. Anati pepani, ngati munthu amene waponda phazi la mnzake, nakhala pansi.

Anagwirizana kuti adzajambulanso pakatha masabata awiri, Marvellous adzatsogolera nyimbo ya ukonde, ndipo a NyaMhone adzaima mzere wa kumbuyo, kutali ndi maiki. Pobwerera, akukwera kaphiri kopita ku Chikale, azakhali anangonena kuti a Longwe ali ndi maso akuthwa, anazindikira bwanji. Thokozile anasuntha chikwama cha laputopu kuchoka pa phewa lina kupita pa lina. Sanadziwe ngati linali funso lenileni kapena khomo limene anamutsegulira. Sanalowepo.

Tsiku limenelo akanatha kudzinamiza kuti mwina analidi mano. Lachiwiri lotsatira bodzalo linatha. Kushopu kunalibe makasitomala, ndipo anavala mahedifoni namvetsera mzere wa azakhali wokha. Anayamba kuwerenga ndi chala pa tebulo. Kaphokoso kankabwera pa masekondi anayi aliwonse, osachedwa, osafulumira. Kankabwera azakhali akupuma mpweya. Kankabwera nyimbo isanayambe. Panali malo ena pamene azakhali anachoka pa mpando kukamwa madzi, mapazi awo akumveka akupita, ndipo maiki yopanda munthuyo inkapitiriza: tche, tche. Mano a munthu sasunga nthawi ngati wotchi.

Anafufuza pa intaneti ndi foni ya abwana ake. Anapeza tsamba limene anthu a maiko ena ankadandaula za mikisa ya mtundu womwewo, ndipo pansi pake munthu wina anafotokoza mwatsatanetsatane. Chingerezi chake chinali cholimba. Panali liwu lalitali, aisokoronasi, limene anayesa kulitchula katatu nalephera. Koma atawerenga kachitatu anayamba kuziona m'maso, ndipo anaziona ngati usipa ukutsitsidwa m'bwato pa doko.

Ukamakopera nyimbo mu fulashi, kompyuta imayang'ana katundu aliyense, ndipo china chikagwa panjira imabwerera kukatola. Ingachedwe, koma zonse zimafika. Mawu a munthu amene akuimba nthawi yomweyo sayenda choncho. Iwo amatumizidwa m'timabeseni, maulendo zikwi zisanu ndi zitatu pa sekondi imodzi, beseni lililonse pa nthawi yake yeniyeni, ndipo palibe kubwerera. Chagwa chagwa, lotsatira lafika kale. Ndilo linali tanthauzo la liwu lalitali lija: kusunga nthawi, osati kusunga katundu.

Beseni limodzi limalowa tizidutswa 1,024. Pa 48, mabowo onse makumi awiri amadzaza theka lokha. Pa 96 amadzaza 960, pafupifupi pakamwa. Tsono wotchi ya mu mikisa imathamanga pang'ono kwambiri kuposa ya mu laputopu, ndipo pakapita kanthawi mikisa imakhala ndi kasupuni kamodzi kowonjezera, ka tizidutswa tinayi, ka bowo lililonse. Katundu amafika 1,040. Zotsalazo mikisa imaziika m'beseni lachiwiri pa ulendo womwewo, ndipo malamulo a USB amalola zimenezo, mpaka mabeseni atatu. Koma wolandira katunduyo mu laputopu, kapulogalamu kotchedwa dalaiva, kanali kakale. Kankadziwa kulandira beseni limodzi basi. Lachiwiri kankalisiya, ndipo pamalo pa mawu osowawo pankatsala zinyalala, zimene khutu limamva ngati tche. Popeza mikisa imadzaza kuyambira bowo loyamba kupita kumapeto, zotayikazo nthawi zonse zinali za mabowo anayi omaliza.

Mikisa inkasungidwa m'kachipinda ka kumbuyo kwa shopu. Thokozile anaitulutsa, nalowetsa maiki pa bowo la 20, naigoneka pa mulu wa mapepala. Tche. Anasintha nambala kubwerera pa 48. Chete. Anabwezera pa 96. Tche. Anachita zimenezi kasanu, ngati kuti ulendo wina yankho lisintha. Kenako kunabwera bambo wina wofuna kalata yofunsira ntchito ya ulonda, ndipo Thokozile anaitaipa nalakwitsa dzina lake kawiri.

Kuyambira Lachiwiri limenelo panadutsa masiku khumi ndi limodzi. M'mawa uliwonse ankadziuza kuti lero anena, ndipo madzulo ankapeza kuti tsiku ladutsa ngati beseni lija. Ankaona zonse, chifukwa kuona ndiko ankakudziwa. Tsiku lofika sitima ya Ilala azakhali ankagulitsa nsomba zokazinga pa doko, ndipo kale mawu awo ankamveka mpaka pa geti. Tsopano ankangoloza ndi chala, nkutchula mtengo pakamwa atatseka theka. Mayi wina wa nthochi, pofuna kuwasangalatsa, anawauza kuti asadandaule, manowo ngokongola kuposa enieni, ndipo azakhali anavomera ndi mutu. Ana a sukulu awiri anadutsa pafupi ndi lichero lawo akuliza lilime. Kunyumba anasiya kutafuna chinangwa chootcha chimene ankachikonda. Ankasankha zofewa, nkudya atatembenukira kukhoma.

Choipitsitsa chinachitika Lachinayi m'mawa. Azakhali anamuitana m'chipinda, natseka chitseko, namuuza kuti abweretse khutu pafupi. Anatsegula pakamwa natseka, natsegula natseka, pang'onopang'ono, kenako anaimba mzere umodzi wa nyimbo ya ukonde motsitsa kwambiri.

"Akulira, mwana wa mchimwene wanga?"

Panalibe phokoso lililonse. Panali mpweya wofunda wokha, ndi fungo la tiyi.

"Pang'ono," anatero Thokozile.

Azakhali anati ankadziwa, iwonso ankawamva tsopano. Liwu limenelo, pang'ono, linamutsatira Thokozile kushopu, linakhala naye pa mpando, linabwerera naye kunyumba. Loyamba lija, la mu holo, analinena chifukwa cha mantha, asakudziwa. Ili analinena akudziwa.

Ndipo tsopano linali Loweruka, tsiku lojambulanso, ndipo iye anali atatsuka manowo katatu. Tsache linasiya kulira. Azakhali analowa, nalandira kapuyo, natembenukira kukhoma kuti avale. Thokozile anaganiza kuti azakhaliwo alephera kupita, koma iwo anali atathira kale tiyi m'mafulasiki awiri ndi kukulunga mandasi. Anati oimba amamva njala, ndipo amene sakuimba kwambiri ndiye ayenera kunyamula.

Anayenda wapansi, Thokozile patsogolo ndi laputopu, azakhali pambuyo akusamala bondo. Dzuwa linali litayamba kale kuluma. Atafika pamwamba pamene tauni imaonekera, azakhali anaima kuti apume, nanena kuti Marvellous ali ndi mawu abwino koma amalowa msanga pa ndime yachiwiri. Pamenepo pamafunika kudikira amuna amalize kukoka, ngati mmene ukonde umakokedwera, kenako nkulowa. Anati iwo sangamuuze, zingaoneke ngati nsanje, koma Thokozile monga injiniya akhoza kumuuza mwanzeru. Ananena liwu la injiniya mopanda chinyengo. Thokozile akanakonda akanamumenya mbama.

Mu holo anapeza mikisa itafika kale, ndipo pafupi nayo panakhala Gresham, mwendo pa mwendo, makiyi a galimoto akuzungulira pa chala. Anati wangobwera kudzamvera, sanabwere kudzalanda ntchito ya munthu. A Longwe anali osangalala. Anauza kwaya kuti lero zonse ziyenda, popeza vuto linapezeka, ndipo pozindikira zimene anena anatsokomola nayamba kufunafuna buku la nyimbo. Azakhali anaika mafulasiki pakona, napita kukaima mzere wa kumbuyo, pakati pa khoma ndi amayi awiri aatali.

Thokozile analumikiza zingwe. Atatsegula laputopu, manambala aja anaoneka, ndipo chala chake chinaima pamwamba pawo. Apa ndi pamene anaona bwino lomwe mmene zinthu zinamukhalira. Akasintha pa 48, kaphokoso kasowa. Ngakhale asasinthe, maiki ya Marvellous ikalowa pa bowo la 7, kaphokoso sikamveka. Mulimonsemo nyimbo ituluka yoyera, anthu ayang'anana nkunena kuti mwaona, analidi mano. A Longwe amuyamika Lamulungu. Gresham agwedeza mutu. Palibe amene akanamugwira, lero kapena tsiku lina lililonse. Kukonza makinawo mwakachetechete kukanakhala kudinda chidindo pa bodza lija.

A Longwe anakweza dzanja kuti ayeserere kaye. Amuna anayamba, akazi anatsatira, Marvellous anatenga mzere woyamba bwinobwino. Pa ndime yachiwiri analowa msanga. Thokozile anakweza maso. Pakati pa mapewa a amayi aatali aja anaona nkhope ya azakhali. Milomo yawo inali itadikira, kenako inatseguka pa nthawi yake yeniyeni, nipanga mawu onse a ndimeyo, koma mopanda phokoso. Ankaimba ngati munthu wa kuseri kwa galasi.

Thokozile anaimirira nyimbo isanathe. Anatenga mpando wapulasitiki, naunyamula kudutsa kutsogolo kwa kwaya yonse, nauika pafupi ndi windo. Anatenga maiki ya chingwe chachifupi ija, naigoneka pa mpandowo, nalowetsa chingwe pa bowo la 20, nakayambitsa kujambula nambala ili pa 96. Oimba anasiya mmodzimmodzi. Anapempha kuti pakhale chete kwa mphindi imodzi, koma mawu ake sanafike ngakhale pa benchi yoyamba. A Longwe anamufunsa kuti wati chiyani, ndipo atamva anabwereza ndi mawu awo a m'kalasi kuti injiniya akuti chete.

Mphindi imodzi ndi yaitali anthu makumi atatu akamakuyang'ana. Kunja kondakitala ankaitanira anthu a ku Chintheche. Thokozile anaimitsa kujambula, natseka mizere ina yonse, nakweza masipika.

Tche.

Anthu anayang'ana mpando.

Tche.

"Ee, koma," anatero Marvellous. "Mpandonso uli ndi oyikirira?"

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'njira. A Longwe anapita pa mpandowo, nawerama, nayang'ana pansi pake, ngati angapezepo chiwala. Kenako anatembenukira kwa Thokozile.

Iye anayamba kufotokoza, maso ali pa tebulo. Ananena za mabeseni, ndi za kasupuni kowonjezera, ndi za beseni lachiwiri limene dalaiva amalisiya. Marvellous anafunsa kuti dalaivala wake uti, wa minibasi ya ku Mzuzu kapena wa lole ya nthochi, ndipo kuti ngati ndi wa minibasi nzosadabwitsa, amenewo kusiya katundu wa anthu ndi khalidwe lawo. Ulendo uno anthu anaseka momasuka, okondwa kuti apeza woti amuimbe mlandu amene sali mu holo. Gresham sanaseke. Anadzuka, nabwera kumbuyo kwa Thokozile, nayang'ana pa laputopu.

"Mlongo, uli pa chiyani?"

"Pa 96."

Gresham analiza kalikhweru kakang'ono. Thokozile anadabwa kuona kuti chinthu chimene anachiopa masabata awiri chinali chachifupi chonchi, kalikhweru kamodzi.

A Longwe anali munthu wabwino, ndipo ankafuna kuti aliyense atuluke m'nkhaniyi zovala zili zoyera. Anaomba m'manja kamodzi. Anati makina ndi makina, amalakwa ngati anthu, ndipo ayenera kuthokoza injiniya chifukwa chofufuza mwakhama mpaka kupeza chenicheni. Anati zakale zapita, nambala isinthidwe, nthawi ikutha, Marvellous wakonzeka kale ndipo sibwino kusinthasintha. Anthu anayamba kubwerera m'malo awo. Wina anatsegula buku. Khomo linatsegukanso, lalikulu kuposa loyamba, ndipo Thokozile akanatha kudutsapo ali ngwazi.

Anayang'ana mzere wa kumbuyo. Azakhali anali atagwira nsonga ya chitenje pafupi ndi chibwano, osaikweza, osaitsitsa. Sankayang'ana mpando, kapena a Longwe. Ankayang'ana iye, ndipo m'maso mwawo munalibe kudabwa ngakhale pang'ono. Pamenepo Thokozile anadziwa kuti funso la pa kaphiri lija silinali funso.

Anadziwanso kuti mawu ake safika patali. Anatambasula dzanja, nazula maiki ya amuna pa chogwirira chake, naikweza pakamwa. Masipika analira pang'ono. Anamva mpweya wake womwe ukutuluka m'makona onse anayi a holo.

"Ada Longwe, pepani, sindinamalize," anatero. "Musandithokoze. A Gresham anandiuza kuti ndisasinthe nambala, ine ndinasintha kuti ndioneke wodziwa. Mutandifunsa tsiku lija, ndinaopa kuti andiseka. Ndiye ndinatchula mano a azakhali. Inu simunazindikire nokha, ndinakuuzani ndine. Chinali chinsinsi chawo, ndipo ndinachidziwa chifukwa choti ananditenga ndili wamasiye nkundigoneka m'chipinda chawo."

Anasuntha maiki kupita ku dzanja lina, napitiriza.

"Zoona ndinazidziwa Lachiwiri la sabata yatha. Ndakhala nazo masiku khumi ndi limodzi, tikudya mbale imodzi. Lachinayi anandifunsa ngati manowo akulira, ine ndinati pang'ono. Azakhali, salira. Sanalirepo. Ndawatsuka masabata awiri, palibe kachitsotso. Zimene ndinanena sindingazitolenso, zinapita, tauni yonse yamva. Koma nyimboyi ndi yanu. Marvellous, usakwiye, pa ndime yachiwiri umalowa msanga, ndipo amene amadziwa polowera aima kukhoma uko. Ngati satsogolera iwo, ine sindijambula, a Gresham alipo. Ngati atsogolera, ndibweza nambala pa 48, ndipo mukatha mundichotse pa mpando uno, dzina lija la injiniya musanditchulenso. Azakhali, mpando wanu ndi uwu. Ndaunyamula ndekha."